Nsomba yopanda nsagwada

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Chithunzichi chiyende, aliyense achione bwino. Ndamva ena kumbuyoko akuti ndi mkunga. Si mkunga ayi, iyi ndi lamprey.

Yambani mwayang'ana kukamwa. Mlamba umene mumagwira mu Bua kapena m'madamu mwanumu umatsegula ndi kutseka kukamwa chifukwa uli ndi nsagwada. Mkunganso chimodzimodzi. Koma iyi nsagwada ilibe. Kukamwa kwake n'kozungulira, kodzaza timano, ndipo lilime nalonso lili ndi mano ake. Imamatirira pa nsomba inzake ngati msundu, n'kumapala khungu ndi lilimelo mpaka magazi atuluke. Komatu si mitundu yonse imene imatero. Ina ikakula sidyanso kanthu, imangoswana n'kufa.

Tsopano werengani timabowo ta kumbuyo kwa diso. Tingati? Eya, 7, ndipo mbali inayo tiliponso 7. Ndi topumira timeneto. Mphuno ndi imodzi yokha, pamwamba pa mutu. Mamba ilibe, zipsepse za m'mbali ilibe, mafupa ake ndi ofewa. Ana ake amakhala zaka zingapo atakwiririka m'matope, asakuona, akungosefa tizakudya m'madzi.

N'chifukwa chake akatswiri sanaiike pamodzi ndi chambo, mpasa kapena mlamba. Ili m'gulu la nsomba zopanda nsagwada, lotchedwa Agnatha, limodzi ndi ina ya m'nyanja zamchere yotchedwa hagfish. Mitundu yake ilipo pafupifupi 40. Yambiri ili ku Ulaya, ku Asia ndi ku North America, ina yochepa ku Australia, New Zealand ndi Chile. Imakonda madzi ozizira, choncho kuno ku Kasungu simudzaiona, ngakhale m'nyanja ya Malawi mulibe. Chomwe chimandigwira mtima ine n'chakuti ku South Africa anapeza chotsalira cha lamprey m'mwala, cha zaka pafupifupi 360 miliyoni, kukamwa kwake kuli kofanana ndi kwa lero.

Mwafunsa bwino agogo, kuti nanga ife zikutikhudza bwanji. Ku America, lamprey ya m'nyanja yamchere inafalikira m'nyanja za Great Lakes kudzera mu ngalande ya Welland, ndipo pofika m'ma 1950 nsomba zimene asodzi ankadalira zinali zitatsala pang'ono kutha. Ndiye mukapeza nsomba yachilendo m'damu, chonde musaitaye mumtsinje. Ionetsetseni kukamwa, popumira ndi zipsepse, muijambule pa foni, mukaonetse alangizi a zansomba.