Chipatala chikachiza zigawenga, chiphulitsidwe? Bodza lomwe likuphetsa madokotala pa nkhondo

[Pa sikirini: khoma la chipatala lakuda ndi utsi. Kenako wofotokoza.]

Pa 3 Okutobala 2015, cha m'ma 2 koloko usiku, ndege yankhondo ya America inayamba kuwomba chipatala cha MSF, bungwe la madokotala othandiza anthu pa nkhondo ndi pa ngozi, mumzinda wa Kunduz ku Afghanistan. Anafa anthu 42: odwala 24, ogwira ntchito 14 ndi odikirira odwala 4. Ena anapsera pabedi chifukwa sakanatha kudzuka. Ndiye mumve apa: patangotsala masiku ochepa, a MSF anali atapereka kale manambala a GPS a chipatalacho kwa asilikali a America ndi a boma la Afghanistan.

Takulandirani abale anga. Lero tikuona zoopsa zomwe achipatala ndi ogwira ntchito zothandiza anthu amakumana nazo pa nkhondo yapachiweniweni. Ndili ndi mfundo 5, koma ndineneretu, pa mfundo yachitatu ndikhalitsapo, chifukwa pali bodza lina lomwe limandiwawa nthawi zonse ndikalimva. Ngati ndi koyamba kutipeza, dinani subscribe ndi kabelu kali pambalipo, tiyambe.

Za malamulo mwachangu. Inde, nkhondo ili ndi malamulo. Mapangano anayi a ku Geneva a 1949 anavomerezedwa ndi mayiko onse, ndipo m'mapangano onsewo muli ndime 3, yonena za nkhondo ya m'dziko limodzi: ovulala ndi odwala atoledwe ndi kusamalidwa. Mu 1977 anawonjezera pangano lina, Protocol II, loteteza achipatala, ma ambulansi ndi chizindikiro cha mtanda wofiira kapena mwezi wofiira. Mu 1998, pangano la ku Rome lomwe linakhazikitsa ICC, khoti lalikulu la padziko lonse loweruza milandu ya pa nkhondo, linati kuukira dala chipatala kapena ogwira ntchito zachifundo ndi mlandu wa pa nkhondo. Malamulowa amamanga onse, asilikali a boma ndi zigawenga zomwe. Basi, tapita.

Mfundo yoyamba: mabomba ndi zipolopolo. Iyi mumaiona pa nkhani. Ku Syria, bungwe la Physicians for Human Rights linalemba ziwembu zoposa 600 pa zipatala, ndi achipatala oposa 900 ophedwa, ndipo linati zambiri mwa izi zinachitidwa ndi boma la Assad, yemwe anali pulezidenti wa dzikolo pa nthawiyo, ndi abwenzi ake. Zinafika poti ku Aleppo madokotala ankachitira opaleshoni m'zipinda zapansi panthaka. Ku Sudan, gulu la zida la RSF, lolimbana ndi asilikali a boma, litalanda mzinda wa El Fasher mu Okutobala 2025, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati lalandira malipoti oti odwala ndi owadikirira oposa 460 aphedwa pa chipatala cha amayi cha Saudi. Chipatala chochilira, abale.

Yachiwiri: kutseka misewu. Ilibe phokoso, nchifukwa chake siituluka kawirikawiri pa nkhani. Ambulansi yaimitsidwa pa rodibuloko maola angapo, wodwala akukha magazi. Galimoto za thandizo zaloledwa kudutsa, koma asilikali atsitsamo kaye zipangizo za opaleshoni, monga zinkachitikira popita ku Eastern Ghouta ku Syria. Mafuta a jenereta aletsedwa, magetsi azima, makanda obadwa masiku asanakwane azizidwa. Mfuti siinalire, koma maliro achitika.

[Pa sikirini: mawu akuluakulu akuti BODZA]

Tsopano yachitatu. Khalani bwino.

Chipatala chikaphulitsidwa, sipatenga nthawi, mneneri wina amatuluka n'kunena kuti munali zigawenga. Ndipo anthu abwinobwino, ena ndinu amene mukuonera vidiyo ino, amagwedeza mutu n'kumati: ee, ngati ankachiza adani, anaziputa okha. Ayi! Limeneli ndi bodza lamkunkhuniza, ndipo ndikufuna tilivule lonse.

Msilikali kapena chigawenga chikavulala n'kusiya kumenya nkhondo, lamulo limachiona ngati wodwala. Kaya dzulo chinanyamula mfuti, lero chili pa machira, ndipo kuchipha pamenepo ndi mlandu. Lamuloli si latsopano. Linayamba ndi zomwe Henry Dunant, yemwe anayambitsa bungwe la Red Cross, anaona ku Solferino ku Italy mu 1859, asilikali zikwizikwi ovulala atasiyidwa pabwalo la nkhondo, ndipo pangano loyamba la ku Geneva la 1864 linati ovulala asamalidwe posayang'ana kuti ndi a mbali iti. Choncho dokotala wosoka bala la chigawenga akuchita ndendende zomwe lamulo limamulamula. Akakana, ndiye kuti walakwa iyeyo. Ndime 10 ya Protocol II imanena mosapsatira kuti munthu asalangidwe chifukwa chogwira ntchito yachipatala motsata mwambo wa ntchitoyo, posatengera kuti wathandizidwa ndani. Wina anena kuti mayiko ena, monga Syria ndi America, sanalowe m'pangano limeneli. Zoona. Koma kafukufuku wa 2005 wa ICRC, komiti ya Red Cross ya padziko lonse, anaika mfundoyi pa malamulo a chizolowezi, omwe amamanga aliyense ngakhale sanasaine.

Ku Kunduz kuja, a MSF sanabise. Ananena okha kuti mwa odwala 105 omwe anali m'chipatalamo, pafupifupi 20 anali ovulala a gulu la Taliban, lomwe linkalimbana ndi boma pa nthawiyo, ndipo ena ochepa anali asilikali a boma. Onse ankasiya zida pakhomo. Kukhala kwawo m'menemo sikunachotse chitetezo cha chipatalacho ngakhale pang'ono. Ngakhale a America, pomaliza kufufuza kwawo, sananene kuti chipatalacho chinali choyenera kuwombedwa. Anati anachisokoneza ndi nyumba ina yomwe ankafuna.

Ndikudziwa funso lomwe ena mwayamba kale kulemba m'ma comment. Nanga ngati zigawenga zikuwombera zili padenga la chipatala? Nanga ngati zasungamo zida? Funso labwino, ndipo lamulo linaliyankha kalekale. Chipatala chikhoza kutaya chitetezo ngati chikugwiritsidwa ntchito pomenyera nkhondo, monga kuwomberapo, kusungiramo zida kapena kubisamo asilikali osavulala. Amene akuchita zimenezi akuphwanya lamulo ndipo akuika odwala pa moto, sindikuwaikira kumbuyo. Komabe ngakhale zitatero, sungangodzuka n'kuponya bomba. Ndime 11 ya Protocol II imati upereke kaye chenjezo, pamene kuli koyenera upereke nthawi yokwanira, ndipo chitetezo chimachoka pokhapokha chenjezolo likanyozedwa. Zikatero, odwala ndi anamwino ali m'katimo akadali otetezedwa paokha. Uyenerabe kuyeza ngati imfa zawo sizikhala zochuluka mopitirira phindu lankhondo lomwe ukufuna, ndi kufunafuna njira yowapewa. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Apa mkhatewo ndi wodi yodzadza ndi anthu.

Ndipo Mapangano a ku Geneva anatchula ngakhale zinthu zomwe sizingakhale chifukwa choukira chipatala. Wachipatala kukhala ndi mfuti yaing'ono yodzitetezera kapena yotetezera odwala: si chifukwa. Alonda pachipata: si chifukwa. Mfuti zomwe zalandidwa kwa ovulala, zikudikira kuperekedwa kwa oyenera: si chifukwa. Asilikali odwala kugona m'wodi: si chifukwa. Anazilemba dala, podziwa kuti tsiku lina wina adzafuna chonamizira.

Mukudabwa kuti ndikulimbikiranji pamenepa? Bodzali silithera pa mabomba. Limalowa m'malamulo a dziko. Mu 2012 boma la Syria linakhazikitsa lamulo lolimbana ndi uchigawenga lomwe linapangitsa kuti kuchiza otsutsa boma kuoneke ngati kuthandiza zigawenga. Madokotala anamangidwa, kuzunzidwa, ena kufera m'ndende. Ovulala anayamba kuopa zipatala za boma, podziwa kuti bala la chipolopolo lokha likhoza kuwamangitsa. Ku Myanmar, asilikali atalanda boma pa 1 Febuluwale 2021, madokotala ndi anamwino omwe ananyanyala ntchito n'kumachiza ovulala pa zionetsero anasakidwa ndi kumangidwa. Ku Sudan, achinyamata odzipereka a Emergency Response Rooms, omwe amaphikira anthu ndi kuyendetsa tizipatala tam'madera, amanamiziridwa ndi mbali zonse ziwiri kuti ndi akazitape a mbali inayo. Mukuona? Mukangovomereza kuti wochiza mdani ndi mdani, ndiye kuti m'dziko logawanika palibe namwino yemwe ali wosalakwa, chifukwa aliyense wachizapo wina yemwe mbali ina imadana naye.

Ndiye mukadzamvanso mneneri akuti munali zigawenga, mufunseni: zinali zovulala kapena zinkamenya nkhondo? Umboni uli kuti, ndipo ofufuza oima paokha auona? Chenjezo linaperekedwa liti, kwa yani? Akalephera kuyankha mafunso amenewa, musamuthandize kufalitsa nkhani yake.

Ndipume kaye. Ngati gawo limeneli lakuthandizani, dinani like, ndipo mutumizireni vidiyoyi mnzanu uja amakonda kutsutsa m'magulu a WhatsApp. Zimathandiza kuti YouTube iionetse kwa anthu ambiri, chifukwa mavidiyo a nkhani zolemera ngati zino sayenda okha. Tinapanganso ina yofotokoza mmene khoti la ICC limagwirira ntchito, link ili m'munsimu.

Yachinayi, mwachidule: kufunkha ndi kuba anthu. Ku Tigray, ku Ethiopia, a MSF anayendera zipatala 106 pakati pa Disembala 2020 ndi Malichi 2021. Pafupifupi 70 pa 100 zilizonse zinali zitafunkhidwa, ndipo 13 zokha pa 100 ndi zomwe zinkagwira ntchito bwinobwino. Mu Juni chaka chomwecho ogwira ntchito awo atatu anaphedwa komweko. Kumpoto chakum'mawa kwa Nigeria, azamba awiri ogwira ntchito ndi ICRC anabedwa ku Rann mu Malichi 2018, ndipo gulu la zigawenga la ISWAP linawapha chaka chisanathe.

Yachisanu: mphekesera. Iyi ndi yovuta chifukwa oukira nthawi zina ndi anthu wamba amantha. Pa mliri wa Ebola wa 2018 mpaka 2020 kum'mawa kwa DR Congo, anthu omwe akhala akuphedwa ndi magulu a zida kwa zaka zambiri popanda wowalabadira anangoona magalimoto ndi ndalama zikukhamukira kwawo chifukwa cha matenda amodzi. Kenako boma linaimitsa chisankho cha Disembala 2018 ku Beni ndi Butembo ponena za Ebola yomweyo. Ambiri anaganiza kuti matendawa ndi ndale kapena bizinesi. Malo ochizira anatenthedwa, ndipo mu Epulo 2019 dokotala wa WHO, Richard Mouzoko wa ku Cameroon, anawomberedwa ku Butembo. Kuonjezera apo, magulu a zachipatala akamayenda moperekezedwa ndi asilikali, anthu amawaona ngati mbali ya boma. Akayenda opanda asilikali, ali pangozi. Palibe yankho lophweka apa, ndipo sindinamizira kuti lilipo. Mliriwo unapha anthu oposa 2,200.

[Pa sikirini: 383]

Nambala iyi ndi ya ogwira ntchito zothandiza anthu omwe anaphedwa mu 2024 malinga ndi United Nations, yaikulu kuposa chaka china chilichonse m'mbuyomo. Pafupifupi theka anafera ku Gaza, ndipo 60 ku Sudan. Koma chomwe ndikufuna mugwire ndi ichi: ambiri mwa iwo ndi eni dziko. Madalaivala, alonda, anamwino, ogawa chakudya. Zinthu zikavuta, obwera kuchokera kunja amatha kukwezedwa ndege. Mzamba wa pamalopo amatsala, chifukwa ana ake ndi odwala ake ali pomwepo, ndipo akafa dzina lake silimveka kutali.

Komanso nambalayi siiwerenga omwe amafa pambuyo pake. Dokotala mmodzi wa opaleshoni akaphedwa kapena kuthawa, dera lonse limatsala lopanda wong'amba mayi yemwe mwana wakhala mopingasa. Katemera amaima. Ku Syria poliyo anabwereranso mu 2013, atasowa kuyambira 1999. Ku Yemen, komwe zipatala ndi mipope ya madzi zinawonongeka, oganiziridwa kuti akudwala kolera anapitirira 1 miliyoni pofika kumapeto kwa 2017. Odwala shuga, impso, TB ndi omwe ali pa ma ARV amafera kunyumba, ndipo palibe amene amawalemba kuti afa ndi nkhondo.

Nanga olakwa amalangidwa? Apa ndi pomwe mtima umandipweteka. Pa 3 Meyi 2016, Security Council, khonsolo yoona za chitetezo ku United Nations, inavomereza chigamulo 2286 chodzudzula kuukira zipatala, mamembala onse 15 anakweza manja. Tsiku lomwelo mtsogoleri wa MSF pa nthawiyo, Joanne Liu, anawauza pamaso kuti mayiko anayi mwa asanu okhazikika m'khonsoloyo anali m'migwirizano yankhondo yomwe inakhudzidwa ndi kuphulitsa zipatala. Pa nkhani ya Kunduz, asilikali 16 analandira zilango za kuntchito, palibe anaimbidwa mlandu kukhoti. Ku Syria kunali ndondomeko yopereka manambala a GPS a zipatala kudzera ku United Nations kuti zisawombedwe. Zina mwa zipatala zomwe zinali pa mndandandawo zinawombedwabe, mpaka madokotala ena mu 2019 anasiya kupereka manambalawo poopa kuti akudzilozera okha bomba. Mu 2020 Russia inatulukamo m'ndondomekoyo.

Ndikufuna kumva kwa inu, makamaka anamwino, azamba ndi madokotala omwe mumationera. Mutakhala inu woyang'anira chipatala m'dera la nkhondo, mungapereke manambala a GPS kwa omenyanawo, kapena mungabise? Lembani m'munsimu ndi chifukwa chake. Mayankho anu tidzawawerenga m'vidiyo ya sabata yamawa, pomwe tidzaone mmene mabungwe othandiza anthu amakambirana ndi magulu a zida kuti galimoto ya mankhwala idutse pa rodibuloko.