Achemwali, za bokosi la asilikali apulasitiki lija

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndangoweruka kumene, ndili pa basi, ndiye mukamva phokoso musadabwe. Uthenga wanu ndaumva, komanso chithunzi cha msilikali wothyoka mfuti ndachiona. Musamukalipire mwanayo chonde, cholakwa ndi changa, ndinatumiza katundu osafotokoza.

Choyamba, za Amayi. Mwati ataona madayisi anati mwana wawo wayamba kutumiza njuga kunyumba. Muwakhazike pansi muwauze kuti palibe ndalama imene imaikidwa pamenepo, ngakhale tambala. Ndi masewera ngati bawo ija ankasewera Ababa pansi pa mtengo wa mango, kungoti m'malo mwa nkhomo pali tiasilikali. Dzina lake ndi Warhammer 40,000, anayamba mu 1987, ndipo kampani yake, Games Workshop, likulu lake lili konkuno ku Nottingham, ku England. Ku Lenton, dera la mumzinda womwewu, kuli holo yawo yaikulu, Warhammer World, komwe ndimapita ndikakhala pa ofu. Mumapeza azibambo a imvi atabwera ndi adzukulu awo, aliyense ali ndi tepi m'manja, akuyeza patebulo. Zimenezi ndi zimene zinandichotsa kusungulumwa chaka changa choyamba kuno, nchifukwa chake ndinafuna kuti mwana wathuyo azilawe.

Tsopano mumve bwino apa. Tiziwalo timabwera titalumikizidwa ku chimango chapulasitiki, mutu pawokha, mkono pawokha, mfuti payokha. Asamazule ndi manja kapena kupotokola, mfuti ija yathyoka chifukwa chimenecho. Atenge chowengera zikhadabo chanu chija, azidula pafupi ndi chiwalocho koma osachikhudza, kotsalako apale pang'onopang'ono ndi kafayilo kake. Chiwalo chilichonse chili ndi nambala pambali pake, nambala yomweyo ili m'kabuku ka malangizo. Azidula za msilikali mmodzi, amumalize, kenako wina. Akadula zonse nthawi imodzi sadzadziwanso mkono uti ndi wa yani.

Amenewa ndi olowetsana okha, safuna guluu. Guluu wake weniweni sindinatumize chifukwa amayaka moto, ndinaopa kuti amulanda pabwalo la ndege. Pa mfuti yothyokayo mugule supa guluu wa pagolosale, adonthetse pa pepala, atenge kadontho ndi nsonga ya singano, agwirizire mpaka awerenge 30. Akachulutsa pamayera ngati ufa. Izi muzikhalapo inuyo, zala zimamatirira.

Penti ndi amene ndikudera naye nkhawa. Timabotolo timeneti ndi ta mamililita 12 okha, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala akangosiya chivindikiro chotsegula mawa apeza chibuma. Atenge pang'ono ndi bulashi aike pa sosala yakale, atseke botolo nthawi yomweyo, asakanize ndi kadontho ka madzi mpaka akhale ngati mkaka. Ayambe ndi wakuda uja, thupi lonse, aume. Kenako wabuluu, kawiri koma mopyapyala. Akapaka wolimba kamodzi amakwirira nkhope ndi tizilemba ta paphewa, msilikali amangokhala ngati wagwera mu phala. Ine woyamba wanga anatuluka choncho, ndipo ndinaphunzira pamenepo kuti kudikira kuti aume ndiye ntchito yeniyeni. Bulashi asaiimike m'kapu ya madzi, nsonga imapindika osabwereranso. Atsuke ndi sopo, aiwongole ndi zala, aigoneke.

Akamaliza asawaike pawindo kuti anzake aziona, dzuwa limapinda pulasitiki. Thireyi ya mazira ndi yabwino kwambiri, aliyense m'dzenje lake ndi kansanza pansi, pamwamba pa kabati. Ndikunenetsa za pamwambapo chifukwa cha wamng'ono uja wayamba kukwawa. Timitu timeneti ndi tochepa ngati nandolo, akatola kamodzi kapita kukamwa. Akamagwira ntchito ayale nyuzi pansi, pomaliza awerenge zotsala.

Za kasewerodwe ndidzamuimbira pa vidiyo Lamlungu mukachoka ku tchalitchi, koma akonzeretu zinthu ziwiri. Tebulo, ndi tepi ya telala, imene mbali ina ili ndi mainchesi, poti zonse zimayezedwa m'mainchesi. Abuluuwo akamayenda ndi mainchesi 6, akamawombera amaponya dayisi, ikagwa 3 kapena kuposa ndiye kuti alasa. Nyumba ndi zipupa zobisalamo apange ndi makatoni a sopo, ndi zimene timachitanso kuno. Apeze mnzake mmodzi woleza mtima, osati gulu lonse la m'mudzi tsiku loyamba.

Basi yafika, ndikutsika. Amayi muwapatse moni, ndipo Lamlungulo akhale pafupi aone okha. Mwanayo anditumizire chithunzi cha woyamba akangomupaka wakuda uja, asanapitirire.