Mawu a M'mawa: Paulo Anatchula Mboni ndi Mayina Awo

Mwadzuka bwanji, abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu lero akuchokera pa 1 Akorinto 15. Amene muli ndi mpata werengani mutu wonse, ndime zonse 58, musanatuluke pakhomo. Mphindi khumi zikukwanirani.

Paulo analemba kalata imeneyi ali ku Efeso, cha m'ma 54 kapena 55, zaka 30 zisanakwane chipachikidwire Ambuye Yesu. Mumpingo wa ku Korinto munali anthu ena amene ankanena kuti kulibe kuuka kwa akufa (ndime 12). Kwa Agiriki ambiri, thupi likalowa m'dothi nkhani yake inkathera pomwepo, n'chifukwa chake ku Atene, Paulo atangotchula zoti akufa adzauka, ena anayamba kumuseka (Machitidwe 17:32). Taonani tsono mmene anawayankhira Akorinto. Sanawauze kuti atseke maso n'kumva bwino mumtima. Anawapatsa mawu anayi, kenako mayina a anthu.

Mawu anayiwo ali pa ndime 3 mpaka 5: Khristu anafera machimo athu, anaikidwa m'manda, anaukitsidwa tsiku lachitatu, anaonekera. Amayenda awiriawiri. Kuikidwa m'manda ndiko kukutsimikiza kuti anafadi, sanangokomoka. Kuonekera ndiko kukutsimikiza kuti anaukadi. Alowezeni mawu anayiwa mu ndondomeko yomweyo, muphunzitsenso ana. Tsiku limene mtima walemera moti pemphero likukanika kutuluka, muli ndi poyambira.

Kenako mboni. Anaonekera kwa Kefa, amene ndi Petro, kenako kwa khumi ndi awiri aja, kenako kwa abale oposa 500 nthawi imodzi. Apa Paulo akuwonjeza kuti ambiri mwa iwo akali moyo, ena okha ndiwo anagona. Munthu wonama sanena zimenezo, chifukwa akudziwa kuti wina angathe kukwera ngalawa kukafunsa. Paulo mwini anapita kukaonana ndi mbonizo: pa Agalatiya 1:18-19 akuti patapita zaka zitatu chitembenukire anakwera ku Yerusalemu, nakhala kwa Kefa masiku 15, naonananso ndi Yakobo m'bale wa Ambuye.

Dzina la Yakoboyu tisalidumphe. Yohane 7:5 akunena poyera kuti abale ake a Yesu sankamukhulupirira, ndipo Marko 3:21 akuti a kwawo anapita kukamugwira poganiza kuti wapenga. Munthu amene wakulira naye nyumba imodzi ndi wovuta kumugwadira. Koma tikafika pa Machitidwe 15, Yakobo yemweyo ndiye akugamula nkhani pamsonkhano wa atumwi ku Yerusalemu, ndipo wolemba mbiri wachiyuda Josephus, amene sanali Mkhristu, analemba kuti Yakoboyo anaweruzidwa kuti aponyedwe miyala, cha m'chaka cha 62. Pakati pa kukayika kuja ndi imfa imeneyi pali chiyani? Paulo akuyankha ndi mawu ochepa pa ndime 7: kenako anaonekera kwa Yakobo.

Mauthenga Abwino onse anayi akuyika Mariya wa Magadala pamanda m'mamawa wa tsiku loyamba la sabata. M'masiku amenewo umboni wa amayi sunkawerengedwa kwenikweni pabwalo la milandu, ndipo ngakhale atumwi anayesa mawu awo nkhani zachabe (Luka 24:11). Wopeka nkhani akanayamba ndi amuna odziwika. Alembi anayamba ndi amayi chifukwa ndi amene anafika koyamba. Nanga bodza limene linafalitsidwa tsiku lomwelo? Asilikali anapatsidwa ndalama kuti anene kuti ophunzira anaba mtembo iwo ali m'tulo (Mateyu 28:11-15). Munthu amene anali m'tulo angadziwe bwanji wakuba? Onjezani kuti Nikodemo anabwera ndi mure ndi aloe wolemera makilogalamu pafupifupi 30, ndipo mtembo unakulungidwa nazo mu nsalu. Petro atalowa m'manda anapeza nsaluzo zili pansi, kansalu ka kumutu kali kokulungidwa pakokha (Yohane 20:6-7). Wakuba amathamanga, sataya nthawi kuvula mtembo ndi kulongosola nsalu.

Kwathu kuno tikamva kuti munthu womwalira waoneka, maganizo amathamangira ku mzukwa kapena ku za ufiti, ndipo timachita mantha. Ophunzira nawonso anachita mantha omwewo, anayesa kuti akuona mzimu (Luka 24:37). Ambuye sanawasiye ndi maganizo amenewo. Anawaonetsa manja ndi mapazi, nati amukhudze, chifukwa mzimu ulibe mnofu ndi mafupa. Ataona kuti akukayikabe anapempha chakudya, ndipo anadya chidutswa cha nsomba yootcha iwo akuona. Anauka ndi thupi, thupi lomwe lija la zipsera za misomali, koma losafanso. Apa ndi pamene pali kusiyana ndi Lazaro, kapena mwana wa Yairo, kapena mnyamata wa ku Naini. Amenewo anabwezeredwa ku moyo womwewu wa matenda ndi ukalamba, imfa ikuwadikirabe kutsogolo. Za Khristu, Aroma 6:9 akuti sadzafanso, imfa ilibenso ulamuliro pa Iye.

Ena amati chofunika ndi mtanda basi, zakuuka n'zowonjezera. Werengani ndime 14 mpaka 19 pang'onopang'ono muone zimene zikugwa ngati Khristu sanauke. Kulalikira kuli chabe, chikhulupiriro chili chabe, atumwi ndi mboni zonama, inu mukali m'machimo anu, ndipo amene anagona mwa Khristu anatayika. Chifukwa chake n'chakuti Aroma anapachika anthu ambirimbiri, ndipo tsiku lomwelo pa Gologota panali mitanda itatu. Chimene chikuonetsa kuti imfa ya wapakatiyo inalandiridwa ngati nsembe ya machimo ndi chakuti Mulungu anamuukitsa. Aroma 4:25 akulumikiza ziwirizi: anaperekedwa chifukwa cha zolakwa zathu, naukitsidwa kuti ife tiyesedwe olungama. Inu amene mwadzuka ndi tchimo lakale likukuyimbani mlandu, ngakhale munalapa kale, yankho lanu lili pamenepa.

Pa ndime 20 Paulo akutcha Khristu chipatso choyamba cha iwo amene anagona. Akuloza ku Levitiko 23:10-11, pamene Aisraeli ankabweretsa mtolo woyamba wa zokolola kwa wansembe kuti auweyule pamaso pa Yehova tsiku lotsatira Sabata, lomwe ndi tsiku limene manda anapezeka opanda kanthu. Mlimi akathyola mondokwa woyamba, nkhokwe imakhala ikali yopanda kanthu, koma amadziwa kuti munda wonse ukubwera m'mbuyo. Ndime 23 ikuyika dongosolo lake: poyamba Khristu, kenako ake a Khristu pa kubwera kwake. Mawu aja timanena m'tchalitchi mu Chikhulupiriro cha Atumwi, akuti kuuka kwa thupi, akunena za thupi lanuli. Limafesedwa lovunda, lidzaukitsidwa losavunda. Limafesedwa lofooka, lidzaukitsidwa lamphamvu (ndime 42 ndi 43).

Pamaliro ndi pamene chiphunzitso chimenechi chimagwira ntchito yake, komanso ndi pamene timachipotoza kawirikawiri. Mumva wina akuuza namfedwa kuti asalire poti Mkhristu salira. Baibulo silinatero. Yesu analira pamanda a Lazaro akudziwa bwinobwino kuti amuukitsa (Yohane 11:35), ndipo anthu opembedza anamulira kwambiri Stefano (Machitidwe 8:2). Chimene 1 Atesalonika 4:13 akuletsa ndi kulira ngati anthu opanda chiyembekezo. Wina amati malemu asanduka mngelo, zimene Malemba sananene, ndipo zimachotsa lonjezo lenileni loti munthu yemweyo adzauka. Mukapita kusiwa, khalani pansi kaye, lirani ndi olira, musathamangire kufotokoza chifukwa chimene imfa yabwerera. Akakupatsani mpata wa mawu, werengani 1 Atesalonika 4:13-18 kapena Yohane 11:25-26, mupemphere mwachidule, mukhale pansi. Ndipo mubwerenso pakatha sabata ziwiri, anthu onse atabalalika ndipo nyumba ili zii, pakuti ndi nthawi imene namfedwa amasowa womuwerengera mawu amenewa.

Kupotoza kwina n'kumene kwafala masiku ano: kutenga kuuka kwa Khristu ngati chitsimikizo choti bizinesi yanu iuka mwezi uno, ntchito ipezeka, ngongole itha. Mulungu amathandizadi pa zimenezi, ndipo tizipempha. Koma ndime 19 ikuti ngati tiyembekeza Khristu m'moyo uno wokha, ndife omvetsa chisoni kuposa anthu onse. Amene analemba mawuwa akuti iye anali pangozi ora lililonse (ndime 30). Chikhulupiriro chomangidwa pa malonjezo a mwezi uno chimagwa mwezi ukatha osaona kanthu, ndipo munthu amayamba kudzida kapena kuda Mulungu pa chinthu chimene Mulunguyo sanalonjeze.

Mukafika pa ndime 58 musatseke Baibulo. Paulo akuti khalani okhazikika, osasunthika, ochuluka mu ntchito ya Ambuye, chifukwa kuvutikira kwanu sikuli chabe. Manambala a mitu ndi ndime anaikidwa zaka mazana ambiri pambuyo pake, choncho Akorinto ankamva kalatayi ikungopitirira, ndipo mawu otsatira ndi a chopereka chothandizira oyera mtima osauka a ku Yerusalemu. Pa 16:2 akuti tsiku loyamba la sabata aliyense aike kenakake padera kunyumba kwake monga mmene wapindulira, kuti kusonkha kusachitike mwaphuma iye atafika. Chitani chimodzimodzi sabata ino: sankhani mayi wamasiye mmodzi kapena banja limodzi lofedwa kumene mdera lanu, muike padera ufa, sopo kapena ndalama imene mungathe, mukapereke nokha ndi manja anu.