Kuthokoza zing'onozing'ono pomwe zinthu zathina: zomwe zinalankhulidwa pa msonkhano wa banki m'khonde ku Jali

Zikomo a tcheya, zikomonso a mfumu potilola kukhala pabwalo lanu lino. Amayi ndi abambo mwaswera bwanji nonse? Inu muli kumbuyoko tasenderani kuno, chimkuzamawu palibe.

Andipempha kuti ndilankhuleko za kuthokoza, ndiye ndikudziwa ena mumtimamo mwayamba kale kunena kuti aaa mayi awa akhuta eti, tithokoze chani ife. Simukulakwa ayi. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatigwetsera nyumba kuno kummwera, anthu mazanamazana anapita ndi madzi ndi matope. Tisanapume nkomwe mu Novembala chaka chomwecho kwacha anaigwetsa ndi 44 peresenti, sopo, shuga, fetereza zonse kukwera tsiku limodzi, kenako 2024 ng'amba ya El Niño chimanga kupserera chili ndi ngayaye mpaka boma kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Zimenezi sindinabwere kuzazipaka mafuta.

Koma tiyeni tione kaye mmene mutu wa munthu umagwirira ntchito. Mayi mwakhala pamsika wa Jali ndi tomato wanu, makasitomala abwera tsiku lonse agula bwinobwino, wina mpaka wakusiyirani chenji, ndiye pabwera mmodzi yekha wakunyozani kuti tomato wake uti wofinyika chonchi. Madzulo kunyumba mukakamba za ndani? Wonyoza uja basi, mpaka pogona mukumuyankhabe mumtima. Si kuti ndinu oipa, ubongo wathu unapangidwa kuti uzigwira msanga zoopsa kuti tizidziteteza, ndiye chabwino chimangodutsa osachiona. Vuto ndi loti mavuto akachuluka mlonda ameneyu sagonanso, ndi kuja timati kuganiza kwambiri, tulo osabwera, nsima osakoma, mwana akangogwetsa kapu mwamukalipira kale.

Ku America, pa kafukufuku yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2003, akatswiri awiri, Robert Emmons ndi Michael McCullough, anagawa ophunzira a payunivesite m'magulu. Ena ankalemba zinthu zisanu zomwe akuthokoza sabata iliyonse, ena ankalemba zisanu zowasowetsa mtendere, kwa masabata 10. Olemba zothokoza aja anapezeka kuti akuuona bwino moyo wao komanso sankadandaula kwambiri zowawa m'thupi. Tsono tisanamizanepo, amenewo anali ana asukulu odya katatu patsiku, ndipo kuthokoza sikudzaza nkhokwe ya munthu. Chomwe kumachita ndi kukusiyirako kamphamvu kodzukira mawa kukasaka ganyu uli ndi mutu wabwino.

Nde apa ndi pomwe ambiri timaphonya. Ukafunsa munthu kuti ukuthokoza chani amangoti moyo. Chabwino, kutchalitchi timatero, anzathu a kumzikiti amati Alhamdulillah, ndi zoona ndithu, koma mawu ukawazolowera amangotuluka pakamwa mtima uli kwina. Tchulani chinthu chenichenicho. Mbatata yootcha ija munaifukula paphulusa m'mawa kukuzizira chiperoni, mukuisinthasintha m'manja chifukwa ikuotcha, mwaibenthula pakati nthunzi ikutuluka. Kapena usiku wa mvula yoyamba ana atayika beseni la madzi pansi pa nyale, ngumbi zikugweramo iwo akukuwa kulimbirana, mawa lake mwakazinga ndi kamchere pang'ono ndiwo zapezeka osatulutsa ngakhale kobiri. Mwana wa sitandade 2 wakuwerengerani mawu a papaketi ya shuga koyamba. Ukachitchula chonchi umachionanso kachiwiri, ndipo mphindi imeneyo mutu wapumako ku ngongole.

Inu a kuno nyanja ya Chilwa mukuidziwa kuposa ine. Akuluakulu ali pano anaiona itauma mu 1995, anthu kumayenda pansi pomwe pankadutsa mabwato a ku Kachulu kupita ku Chisi, ndipo 2018 inaphweranso kwambiri. Nanga matemba anabwerera bwanji madzi atadzaza? Anabisala m'timaiwe totsalira m'mitsinje ngati Likangala ndi Domasi, timadzi tooneka topanda ntchito, koma mbeu ya nsomba inasungika mmenemo. Tinthu tosangalatsa ta tsiku ndi tsiku ndi timaiwe timeneti, musamatipeputse.

Tsono chachikulu chomwe ndabwerera ndi ichi, kuthokoza kwa mumtima mokha sikukwanira, kamuuzeni mwini wake. Taganizani bwino zabwino zomwe zakuchitikirani sabata ino, zambiri zadzera mwa munthu. Aneba anakupatsani mchere wa pa supuni, mnyamata wa kabaza anakunyamulani pangongole kupita kuchipatala, mlamu wanu anakubwerekani khasu, mzanu wa gulu lino anakuikirani sheya tsiku lomwe munalibe. Timati kupatsa nkuika, eya, koma munthu woika pamalo poti sayamikidwa amatopa, mawa amakaika kwina. Nthawi ya njala ngati ino chomwe chikutisunga ambirife si ndalama, ndi anthu otizungulira, ndiye zikomo wanu uja ndi amene amasunga khomo lao lotsegula.

Abambo ndikubwera kwa inu, musayang'ane kumbali (kuseka). Mwasiya ndalama yosakwana ndi kabotolo ka mafuta komwe, mayi alowa kudimba athyola chisoso kapena bonongwe, asinja nsinjiro, inu mwadya mwasamba m'manja mwadzuka zii. Kunena kuti mayi a Chikondi ndiwo za lero zinakoma, kodi pamafunika fizi? Nanunso amayi bambo akabwera atapalasa njinga tsiku lonse nkubwera ndi zochepa musayambe ndi kuwerenga ndalamazo, muyambe mwawalandira.

Pali china chomwe chimandinyansa ndipo ndichinena a mfumu ali pompano. Mawu oti uzingothokoza asamakhale otsekera anthu pakamwa. Mayi akumenyedwa pakhomo inu nkumamuuza kuti thokoza uli pabanja, imeneyo ndi nkhanza, kupolisi kuli ofesi ya Victim Support apite kumeneko. Munthu waferedwa mulekeni alire. Thandizo la chimanga likasokonekera funsani, kuthokoza thumba lomwe mwalandira sikukuletsani kufunsa lomwe lasowa. Munthu atha kudandaula ndi kuthokoza tsiku lomwelo, palibe kutsutsana.

Komanso mukaona mzanu wakhala masabata awiri kapena kuposa ali ndwii, zomwe ankakonda sizikumusangalatsanso, sakudya, sakugona, kapena wayamba kunena zoti bola kufa, ameneyo musamupatse ulaliki wa kuthokoza, akudwala ndipo mankhwala ake alipo. Auzeni alangizi a zaumoyo kapena mumuperekeze kuchipatala. Ife a Zomba tili ndi mwayi, chipatala chachikulu cha matenda a maganizo cha Zomba Mental chili konkuno, ndipo si cha okhawo amene timawaona akutola zinyalala mumsewu ayi, abambo makamaka mumve chifukwa inu ndi amene mumabisa.

Tsopano tisanatsegule bokosi aliyense atembenukire kwa amene wakhala naye pafupi, mumuuze chinthu chimodzi chabwino chomwe chachitika kuyambira dzulo, ndipo ngati chinadzera mwa munthu mumutchule dzina. Za moyo ndakana kale, ndikufuna za mbatata. Mphindi zisanu zokha, kenako a msungichuma ndi osunga makiyi abwere kutsogolo kuno tiyambe masheya.