Foni yomwe sinalirenso kuyambira 2017

Moni nonse abale anga, kaya mukundimvera muli m'minibasi ya ku Ndirande, kaya muli pa shifiti ya usiku ku Joni kapena ku Leeds. Ndine uja wa ku Istanbul. Kuno kwayamba kuzizira, mphepo yochokera kunyanja ya Marmara ikulowa mpaka m'mafupa, ndiye mukamva mawu akusasa dziwani kuti ndi chimfine.

Ndinalonjeza kuti lero tikamba za mitengo ya kago, popeza ambiri mwakhala mukufunsa kuti kutumiza zovala kuchokera ku msika wa Laleli kuno ku Istanbul kukafika ku Lilongwe kukudya zingati. Mundikhululukire, zimenezo zidikire sabata yamawa. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Lachisanu lapitalo.

Ine ndimakhala ku Zeytinburnu, dera la mashopu a zikopa ndi tinyumba ta osoka zovala. Kufupi ndi kwathu kuli kalesitilanti ka bambo ena a mtundu wa Uyghur. Dzina lawo sinditchula, mumva chifukwa chake. Ndimangowaitana kuti abi, mmene a kuno amaitanira mkulu wawo. Amaphika laghman: amakanda ufa wa tirigu n'kuukoka ndi manja mpaka ukhale zingwe zazitali, pamwamba n'kuthira nyama ya nkhosa, tomato ndi tsabola. Miyezi ija ndinali pa ulova, abi anandidyetsa pangongole osalemba paliponse.

Lachisanu titatuluka mumzikiti ndinapita kukadya. Ndili mkati modya, foni inalira. Amayi, kuchokera ku Mangochi, pa vidiyo ya WhatsApp. Ndinene zoona, ndinayankha monyinyirika, chifukwa ndinadziwa kuti ndi za feteleza. Titapatsana moni ndinati, "Amayi, taonani bambo aja ndimakuuzani kuti amandisunga kuno," n'kutembenuza foni. Abi, munthu wa imvi, anadziphimba kumaso ndi thileyi n'kuthawira kukhitchini. Ndinachita manyazi, ndinkaganiza kuti ndalakwira mwambo wawo.

Anthu atachepa anabwera ndi tiyi, n'kukhala pansi. Timalankhulana Chiteki, changa chothyokathyoka. Anati, "Mng'ono wanga, nkhope yanga isamaoneke pa foni ya munthu. Sindidziwa kumene chithunzi chikathere, ndipo wolipira si ine, ndi amene ndinawasiya kumudzi."

Kwawo ndi kufupi ndi Kashgar, m'chigawo cha Xinjiang, kumadzulo kwenikweni kwa China. Iwo amati East Turkestan. Anthu a mtundu wawo alipo oposa 11 miliyoni, ambiri ndi Asilamu, ndipo chilankhulo chawo ndi chachibale ndi Chiteki, n'chifukwa chake ambiri othawa anadzakhala kuno. Mawu a mayi awo anawamva komaliza mu 2017. Tsiku limenelo mayiwo anangoti, "Tili bwino, usatiimbirenso." Kenako abale onse, mmodzimmodzi, anawafufuta pa WeChat, pulogalamu ya ku China yonga WhatsApp. Patapita miyezi, munthu wina anawatumizira uthenga wakuti mng'ono wawo "wapita kukaphunzira". Mng'onoyo ndi bambo wa ana atatu, wogulitsa nkhosa. Aliyense wa mtundu wawo amadziwa tanthauzo la mawu amenewo.

Kuphunzirako ndi misasa yotsekeramo anthu popanda kuzengedwa mlandu. Inachuluka Chen Quanguo ataikidwa kukhala mkulu wa chipani cholamula cha China m'chigawocho mu 2016, atachoka ku Tibet. Mu Ogasiti 2018, komiti ina ya United Nations inamva kuti otsekeredwa angakhale atafika miliyoni imodzi. Boma la China poyamba linakana, kenako linati ndi sukulu zophunzitsa ntchito zamanja pofuna kuthana ndi uchigawenga, ndipo kumapeto kwa 2019 linati onse "amaliza maphunziro". Uchigawengawo unachitikadi, sindibisa: mu Malichi 2014 anthu 31 anaphedwa ndi mipeni pa siteshoni ya sitima ku Kunming. Koma ndiuzeni, wogulitsa nkhosa wa ku Kashgar zikumukhudza bwanji? Mlandu wake unali umodzi, wokhala ndi mkulu wake ku Turkey. Dziko lino lili pa mndandanda wa mayiko 26 omwe boma limati aliyense wolumikizana nawo ngokayikitsa.

Chimene chinandiumitsa pakamwa ndi mmene amamulondalondera munthu. Kuyambira wa zaka 12 mpaka 65 anatengedwa magazi, zidindo za zala ndi chithunzi cha diso, akuti n'kuyeza thanzi kwaulere. Makamera ozindikira nkhope ali pamsika, pamsewu, pakhomo la mzikiti. Wapolisi amakuimitsa n'kulumikiza foni yako ku kachipangizo kake kuti aone zomwe wasunga. Zonsezi zimathera mu kompyuta imodzi yaikulu ya apolisi yotchedwa IJOP, ndipo a bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Watch atafufuza pulogalamu yake ya pafoni mu 2019 anapeza zinthu zomwe zimachititsa kuti munthu akayikiridwe: kulowa m'nyumba mwako kudzera khomo lakuseri kawirikawiri, kusacheza ndi aneba, kugwiritsa ntchito magetsi ochuluka kuposa masiku onse. Abi anandionetsa mpeni wawo wodulira nyama. Anati kumudzi mpeni ngati umenewu amaudinda chizindikiro cha QR chokhala ndi nambala ya chiphaso cha mwini wake.

Ndiye pali ija amati kukhala pachibale. Boma linatumiza antchito ake oposa miliyoni kukagona m'makomo mwa anthu, kudya nawo, kuona ngati akuswali, kufunsa ana zomwe makolo amakamba usiku. Tangoganizani, mlendo amene simunamuitane, simungamubweze, wagona pamphasa panu, mwina mwamuna wa pakhomopo ali "kusukulu". Ife timati mlendo ndi mame. Uyu sakamuka dzuwa likatuluka.

Ndili kumva zimenezi ndinakumbukira agogo anga aamuna. Mpaka kumwalira kwawo, akafuna kutchula dzina la Kamuzu ankayamba ayang'ana kukhomo, n'kutsitsa mawu, ngakhale kuti zipani zambiri zinali zitabwera kale. Ankatiuza za anthu otengedwa usiku kupita ku Mikuyu, za a Mboni za Yehova omwe analetsedwa mu 1967 n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Koma kazitape wa nthawi imeneyo anali munthu, ankatopa, ankagona, mwina ankakumvera chisoni. Ndipo ukawoloka malire unkapuma. Abi anawoloka mayiko angapo, koma sapuma. Anzawo ena kuno amaimbiridwa foni ndi apolisi a kumudzi, kuwauza kuti atumize mayina a anthu opita ku zionetsero ngati akufuna kuona mayi awo pa vidiyo. Choncho m'lesitilanti momwemo, anthu a mudzi umodzi amadya moyang'anana ndi diso la m'mbali. Mapasipoti akatha, ambiri sawapatsanso atsopano pokhapokha abwerere kwawo. Mu Febuluwale 2025 dziko la Thailand linabweza anthu 40 a mtundu wa Uyghur ku China, ndipo abi akuti sabata imeneyo sanagone.

Pakhoma la lesitilantiyo papachikidwa dutar, choimbira cha nsambo ziwiri chokhala ndi khosi lalitali. Loweruka mwana wawo wamkazi amapita kukaphunzira kulemba Chiuyghur ndi zilembo za Chiarabu, pomwe kumudzi ana akuphunzira m'Chitchaina, ambiri m'sukulu zogonera komweko, kutali ndi agogo awo. Mu 2017 boma linafika poletsa ndevu zazitali ndi mayina ena achisilamu opatsa makanda. Mayi wina wophunzira kwambiri, Rahile Dawut, yemwe moyo wake wonse ankayenda m'midzi kulemba nyimbo, nthano ndi mbiri ya manda a anthu oyera, anasowa mu Disembala 2017. Nkhani yakuti anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse inadziwika mu 2023. Kwathu munthu wotero tikanamutcha nkhokwe ya chikhalidwe.

Abi anandifunsa kuti kodi dziko lanu limati chiyani. Ndinazengereza kuyankha. Pa 31 Ogasiti 2022 ofesi ya Michelle Bachelet, yemwe pa nthawiyo anali mkulu woona za ufulu wa anthu ku United Nations, inatulutsa lipoti lonena kuti zochitika ku Xinjiang zikhoza kukhala milandu yolakwira mtundu wa anthu. Mu Okutobala chaka chomwecho, ku khonsolo ya United Nations yoona za ufulu wa anthu ku Geneva kunali voti yongofuna kuti nkhaniyo ikambidwe. Mayiko 17 anavomera, 19 anakana, 11 sanavotere mbali iliyonse, ndipo Malawi anali mwa 11 amenewo. Ndikudziwa kuti ndi China amene anatimangira Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, sitediyamu ya Bingu ndi msewu wa Karonga–Chitipa. Ndikudziwa kuti wosauka salankhula mokweza pakhomo pa amene amamubwereka. Komabe zinandiwawa kuwauza, chifukwa ife tomwe tinalirapo kuti dziko lakunja limve za Mikuyu. Abi sanadandaule. Anangoti mayiko ambiri achisilamu anachita kukaniratu, n'kundithirira tiyi wina.

Lamlungu madzulo amayi anaimbanso ndili pomwepo. Ndinadzuka kuti ndikayankhire panja, koma abi anandigwira mkono. Anapempha kuti ndizimitse kamera, ndikweze mawu okha. Ndinawafotokozera amayi mwachidule. Anakhala chete kaye, kenako anayamba kuwapatsa moni, Chichewa chosakaniza ndi Chiyao, kuwathokoza pondisunga, kuwauza kuti mvula yachedwa, kuti mbuzi yabereka awiri, kuti adzawatchula mayi awo pa swala ya m'bandakucha. Abi sanamve liwu ndi limodzi lomwe. Ndinayamba kumasulira, iwo n'kundiletsa ndi dzanja. Anati, "Asiye, auze apitirize."

Amayi analankhula mpaka bandulo yawo inatha. Za feteleza ndinatumiza Lolemba m'mawa.

Sabata yamawa tikumane pa za kago, mukonzeretu mafunso anu. Amene mukubwera kuno kudzaoda katundu, mundiuze, ndidzakutengerani kukadya laghman, koma foni idzakhale m'thumba. Tsalani bwino.