Ndani Amawaza Madzi M'tchalitchi Mwanu?

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye? Mawu athu m'mawa uno achokera pa Aroma 16. Ndikudziwa ena mwamwetulira kale, paja mutu umenewu ambiri timaudumpha. Muli mayina okhaokha, ena oti ukapatsidwa kuti uwerenge kutsogolo lilime limachita kupindika. Nanenso ndinkaudumpha, mpaka zimene zinatichitikira mwezi wathawu.

Mpingo wathu ndi waung'ono, uli kuno ku Area 25. Tikasonkhana tonse ndi ana omwe sitidzaza mabenchi 12. Tchalitchi tinafolera malata koma pansi sitinaikebe simenti, ndi dothi lokhalokha. Amene mumakhala mu Lilongwe muno mukulidziwa fumbi la Okutobala, lofiira lija lolowa mpaka m'mano. Komabe Lamulungu lililonse tikamalowa timapeza posesasesa, powaza madzi, kafungo ka dothi lonyowa kakumveka ngati kwagwa mvula yoyamba. Mabenchi opukuta. Pakhomo ndowa ya madzi osamba m'manja, kasopo kali pambali. Zaka zonsezi ine sindinafunsepo kuti amachita zimenezi ndani. Ndinkangoona ngati ndi mmene tchalitchi chimakhalira.

Ndiye Lamulungu lina mwezi wathawu, kwaya itangoyamba kuponda, fumbi linangoti koboo. Ana kutsokomola, amayi kuphimba makanda ndi zitenje, abusa podzuka pomwe anagwada thalauza lawo lakuda lili psuu m'mawondo. Tinayamba kuyang'anana kuti kodi lero kwagwanji. Anatiyankha ndi kamtsikana ka Sande sukulu: "Agogo aja akudwala, chigonere Lachitatu."

Ine ndine mlembi wa mpingo. Ndili ndi kabuku kamene ndimalembamo aliyense amene wapereka thumba la simenti, lata kapena misomali. Mayinawo ndimawawerenga pa zolengeza, anthu n'kuwomba m'manja, amayi n'kuimba nthungululu. Sikulakwa kutero, denga silidzifolera lokha. Koma madzulo a tsikulo ndinatsegula kabuku kaja kuyambira tsamba loyamba, kufunafuna dzina la agogowa. Mulibe. Pofunsafunsa ndinamva kuti madzi aja amagula pakiyosiki ndi ndalama za zitumbuwa zimene amagulitsa m'mbali mwa msewu. Zidebe ziwiri, kusenza okha m'bandakucha ife tili m'bulangeti. Palibe anawatuma, ndiye palibenso amene anaganizapo zowathokoza.

Usiku womwewo ndi pamene Aroma 16 ananditsegukira. Paulo polemba kalatayi anali asanafikeko ku Roma, koma akupereka moni kwa anthu oposa 20, aliyense ndi dzina lake, ndipo ambiri akutchula chimene anachita. Akuyamba ndi Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, akuti mumulandire bwino chifukwa wathandiza ambiri, ine ndemwe. Priska ndi Akula akuti anaika moyo wawo pachiswe chifukwa cha iye, ndipo mpingo unkasonkhana m'nyumba mwawo. Taganizani zimenezo, inu amene munalandirapo mapemphero a mlaga pakhomo panu. Mumadziwa kuti pamafunika kusesa, kubwereka mipando kwa aneba, kuyala mphasa, ndipo anthu akabalalika makapu amatsala kwa inu. Mipingo yoyambayo inali yaing'ono ngati yathu yomweyi, ndipo kunali wina wotsuka makapu.

Pa vesi 6 pali Mariya. Sitiuzidwa kuti analalikira kapena anapereka chuma, tingomva kuti anagwira ntchito zambiri. Pa vesi 12 palinso amayi ena atatu, Trufena, Trufosa ndi Persida, onse akuwakumbukira chifukwa cha thukuta lawo mwa Ambuye. Koma pamene ine ndinaima ndi pa vesi 13. Akupereka moni kwa Rufu, kenaka kwa amayi ake a Rufuyo, n'kunena kuti amenewo ndi amayi anganso. Dzina lawo silinalembedwe n'komwe. Zimene anamuchitira Paulo sanazifotokoze, koma tonse tikudziwa mmene mayi wa mnzako amasandukira mayi ako: wafika ndi njala akuphikira, wadwala akufulizira madzi, ukunyamuka akumangira kamba wa panjira. Mtumwi wamkulu uja, atamaliza nkhani zozama za chikhulupiriro ndi chisomo, sanatseke kalata asanawakumbukire amayi amenewa. Chakumapeto, pa vesi 23, Erasto msungichuma wa mzinda ali pamzere umodzi ndi Kwarto, amene udindo wake wonse ndi wakuti mbale.

Ife nthawi ya maumboni timayamika Mulungu mokweza, ndipo n'koyenera. "Ndinagona ku Central milungu iwiri, Ambuye wandidzutsa!" Aleluya, tonse timavomera. Koma phala lija linkafika m'fulasiki m'mawa uliwonse silinkagwa kumwamba ngati mana. Pali mayi wa chigwirizano amene ankakoleza mbaula kusanache, n'kukwera minibasi ndi ndalama yake ya ndiwo. Pali mnyamata wa kabaza amene anakunyamulani usiku osakulipiritsani. Tsiku la maliro pali achinyamata amene anawaza nkhuni, ndi amayi amene anachezera pasiwa kuimba mpaka mawu kusasa. Mulungu anakuchitiranidi zazikulu, koma anadzera m'manja mwa anthu amenewa, ndipo anthuwo amakhala pabenchi limodzi ndi inu. Mu mpingo waukulu munthu angathe kunena kuti sindimawadziwa. Kwathu kuno chonamizira chimenecho palibe. Timadziwana mpaka mbale zodyera, kungoti chozolowereka sichionekanso.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Mwambi umenewu timaukonda tikamapempha zopereka. Denga likakwera timakumbukira mitu iwiri kapena itatu, ija inali kutsogolo.

Lolemba lake tinapita kukawazonda agogo aja, ine ndi amayi awiri a chigwirizano. Tinatenga shuga, ufa pang'ono ndi sopo. Ndinali nditakonza mawu m'njira monse, oti ndikapepese m'malo mwa mpingo. Tinawapeza atagona pamphasa pakhonde, Buku Lopatulika lawo lakale lili pambali, lokutira m'jumbo kuopa fumbi. Ndisanatsegule pakamwa anayamba ndi iwo, kuwomba m'manja mofooka.

"Zikomo ana anga, mwandikumbukira. Mwavutikiranji ndi zonsezi?"

Mawu anga onse aja anabalalika. Ndinangoti, "Agogo, ifeyo ndi amene tabwera kudzathokoza. Sitinkadziwa kuti madzi aja mumagula ndinu."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Aa, abambo, timadzi timeneto? Ine simenti sindingathe. Ambuye anandisungira miyendo, ndiye ndimapereka miyendoyo."

Tinapemphera, tinaimba nyimbo imodzi. Pobwerera amayi aja anapangana zoti azisinthana kusesa mpaka agogo atapeza bwino, ndipo ine ndinati Lamulungu loyamba likhale langa. M'kabuku kaja ndatsegula tsamba latsopano kumapeto, lopanda danga la ndalama. Ndalembamo kale mayina asanu ndi awiri, ndipo ena ndikuwakumbukirabe mmodzimmodzi, mwina inunso mukatseka foniyi pali wina amene mumukumbukire.

Tsiku lija titafika pachipata agogo aja anatiitananso. Ndinaganiza kuti pali china chikuwapweteka.

"Abambo mlembi, tsache lili kuseri kwa chitseko cha kumbuyo. Muyambe kuwaza musanasese, koma musachulutse madzi, pangachite matope ana angaterereke."