Ndalama yalowa lero si yanu yonse: mawu kwa aluso a ku Joni

Zikomo apampando. Amayi, abambo, achimwene ndi achemwali anga, inu muli pakhomo lowani, mipando ilipo kutsogolo kuno.

Nonse mwamva za mnzathu woimba uja wa ku Rosettenville. Dzina sinditchula. Mwezi watha tinayendetsa mbale kuti tikaombole pasipoti ndi kiyibodi yake kwa wakatapila. Anatenga R2,000 kuti adzabweze R3,000 pakutha pa mwezi. Mwezi unatha, ngongole inabereka inzake. Komatu munthu yemweyu mu Disembala ankaimba m'maukwati Loweruka lililonse, tinkamuona tonse. Ndalama zinalowa. Zinagona kuti?

Dziwani kuti lamulo la ngongole la dziko lino la South Africa, National Credit Act la 2005, sililola wobwereketsa ndalama kusunga chitupa chanu kapena khadi lanu la kubanki. Koma ambiri timaopa kupita kupolisi chifukwa cha mapepala, ndipo akatapila zimenezi amazidziwa bwino. Ndiye chabwino n'kusafikako pakhomo pawo.

Mawu anga lero ndi amodzi: ndalama yalowa lero si yanu yonse.

Inu achimwene amene mumaluka waya ndi mikanda pamaloboti ku Fourways, kapena inu osema ziboliboli mumagulitsa ku Rosebank Lamlungu. Mwagulitsa kadyansonga wa mikanda pa R600, mtima mbee! Koma m'menemo muli ndalama ya waya, ya mikanda yomwe munakaoda m'tauni, ya takisi popita ndi pobwera. Muli masiku amene munakhala pansi mukupinda waya ndi pulayazi mpaka zala matuza. Chotsani zonsezo, chotsalacho ndiye chanu. Mpamba uli ngati mbewu, kwathu ngakhale njala ivute bwanji mbewu sitikazinga. Ena mukudya mpamba, Lolemba mukudzandipempha ya mikanda.

Ndipo lekani manyazi potchula mtengo. Wogula akangokwinya nkhope mwatsitsa kale ndi theka, ngati mwaba chinthucho. Oimba nanunso, munthu akuti bwerani mudzaimbe, ndalama palibe koma mutchuka. Mwininyumba ku Yeoville salandira kutchuka pa 1, tsiku la lendi. Luso n'lochokera kwa Mulungu, inde, koma ndi ntchito, ndipo wantchito amalipidwa.

Anyamata, mundikhululukire ndikudzudzuleni pang'ono. Shoo imodzi yakuyenderani, m'mawa mwake muli ku Small Street, nsapato, jekete, madzulo tebulo lonse mowa ndi wanu. Pofika Januwale maukwati atha, alendo abwerera kwawo. Mu Juni kuzizira, pamaloboti palibe wotsitsa galasi. Mwaiwala 2020? Pa 27 Malichi dziko lonse linatsekedwa, misika, maholo, matchalitchi. Amene anali ndi kenakake pambali ndi amene anadyetsa anzawo. Ndalama yalowa lero si yanu yonse, ina ndi ya mwezi umene simudzagulitsa kanthu.

(Mayi wina kumbuyo: "Nanga akumudzi akamaimba foni tsiku ndi tsiku tiziti chiyani? Tiwakanize amayi athu?")

Ayi mayi, musawakanize. Mwafunsa bwino, pakuti apa ndi pamene ambiri timagwera. Tinabwera kuno chifukwa cha iwo omwewo. Kumudzi zinthu zavutadi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, feteleza, shuga, fizi, zonse zinakwera. Ndiye akamva kuti muli ku Joni ndipo mumagwira marandi, amaona ngati mukungotola. Nanunso mumawanamiza, chithunzi pa Facebook mwatsamira galimoto ya eni ake. Sadziwa kuti mumagona anthu angapo m'chipinda chogawa ndi katani.

Auzeni zoona. Nenani kuti amayi, ntchito yanga ilibe malipiro a pamwezi, ndiye ndizitumiza mwakuti, tsiku lakuti. Ikhale ndalama yomwe mungakwanitse ngakhale mwezi woipa. Mwezi wabwino musawonjezere msanga, sungani, kuti nthawi ya feteleza kapena ya fizi mudzatumize yooneka. Kutumiza pang'onopang'ono kasanu pamwezi pa Mukuru kapena Mama Money kumakudyerani ndalama yotumizira, kuli bwino kamodzi. Fizi, ngati n'kotheka, ipite kusukulu mwachindunji, ndipo risiti muione pa WhatsApp. Komanso pakhale munthu mmodzi wolandira, osati malume, msuweni, mlamu, aliyense ndi foni yake. Matenda ndi maliro n'zina, chakudza sichiimba ng'oma, n'chifukwa chake pafunika thumba lapadera. Koma kukatenga katapila kuti mutumize kumudzi, ayi. Mukatsamwa kuno, kumudziko mphika uzima.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana mafoni, matakisi akutha, ndithamange.

Ndalama ikalowa igaweni tsiku lomwelo isanagone: ya mpamba, ya lendi ndi chakudya, ya kumudzi, yosunga. Yosungayo isakhale m'thumba la thalauza. Gulani kope, muzilemba cholowa ndi chotuluka, ngakhale R10 ya takisi. Ntchito ya oda, kaya kusoka, kujambula kapena kuimba, landirani dipoziti musanayambe, ndipo zomwe mwagwirizana zilembedwe, ngakhale pa uthenga wa pafoni. Opeka nyimbo, pitani ku SAMRO, bungwe loona za umwini wa nyimbo, ku Braamfontein mukafunse za kulembetsa nyimbo zanu, kwathu kuli COSOMA ku Lilongwe. Pepala la kusitudiyo musasaine musanawerenge, chifukwa kuno umwini wa nyimbo umachoka m'manja mwanu ndi siginecha yomweyo. Lowani chipereganyu cha anthu odziwana, ndalama izisungidwa ndi anthu awiri kapena atatu, osati mmodzi. Ndipo lowani gulu la maliro, mukudziwa nokha mmene timavutikira kutumiza thupi kumudzi.

Pasipoti si chikole, ndabwerezanso. Amene yanu ili kwa munthu panopa musachoke, tionane pakona apo tikatha pemphero. Alembi ali ndi kope la mayina a chipereganyu, tiyamba Lamlungu loyamba la mwezi wamawa. Apampando, ndabweza kwa inu.